Chitini cha zithunzi chimene chinapita ku Lilongwe

Inali 9 koloko m'mawa, usipa uli kale pamathandala, a Fletcher Kamphinda atapana chithunzi kukhwapa akuwerenga chamumtima. Amati kapepala kameneka kamafuna kufungatira ngati dzira, apo ayi nkhope imatuluka yotuwa. Mwini chithunzicho, bambo wina wogula nsomba wa ku Dowa, anaseka nati, "Madala, musandinunkhitse thukuta." A Fletcher anangopitiriza kuwerenga. Sabata yonseyo wojambulitsa anali yekhayu, mlendonso. Anthu a pa Senga Bay anali atasiya kuwaitana.

Kamera yawo inali ija yolavula chithunzi pomwepo. Anaigula mu 1994, matipate atangolowa, aliyense akufuna kujambulitsa atavala nsalu ya chipani chake mopanda mantha. Ankayenda nayo panjinga mpaka ku Lifuwu, m'maukwati, m'maubatizo, ngakhale pamchenga munthu akagula bwato. Chimene ankanyadira n'chakuti sankapita ndi nkhope ya munthu kutali. Anzawo a filimu yokatsukitsa ankati dikirani masabata awiri, kenako n'kubwera kudzanena kuti yapsa. A Fletcher ankakupatsa m'manja, iwe n'kumaona wekha maso ako akutuluka pang'onopang'ono. Koma ankachenjeza kuti chithunzi chotere chilibe chinzake, chikatayika chapita.

Zaka zitapita, zithunzi zija zinayamba kufwifwa ndi chinyezi cha kunyanja kuno. Zimenezi zinkawadya mumtima, chifukwa anali atalonjeza anthu kuti adzukulu adzaziona.

Ndiye mu 2002 kunabwera Wilson Chikuse, mnzawo wa m'kwaya kutchalitchi, amene ankaperekera zakudya pa loji ina. Anali atapeza kamera yatsopano, yopanda filimu, yoonetsa munthu pakagalasi kumbuyo. Anawauza kuti ku Lilongwe kuli kompyuta yotha kudzutsa zithunzi zofwifwa n'kuzikuza ngati kalendala. Anthu sankamukhulupirira kwenikweni Wilson, koma ankawakhulupirira a Fletcher. Choncho anali iwo amene anayenda khomo ndi khomo, kupempha zithunzi zimene anajambula okha, kulemba dzina kuseri, n'kuziika m'chitini cha mabisiketi. Ku Lifuwu mayi Dailes anakana kawiri. Chawo chinali cha amuna awo, amene anamira ndi mwera ana adakali aang'ono, ndipo chinkakhala m'Baibulo. A Fletcher anagwira pamtima n'kuwauza kuti chikatayika adzafunse iwowo. Mayiwo anachipereka.

Wilson anapita ndi chitinicho mu Ogasiti. Anabwera pa Khirisimasi, ali ndi nsapato zosongoka, m'manja mulibe kanthu. Poyamba anati magetsi ankavuta. Atamupanikiza anati chitini anachiiwala m'minibasi. Ananena zimenezi panja pa tchalitchi, anthu akumva, n'kuwonjezera kuti nzeru yosonkhanitsa zithunzi sinali yake.

"Achimwene, tizithunzi timeneto tinali titafa kale," anatero Wilson. "Aliyense abwere ndimujambule chatsopano, ulere."

"Nanga amuna awo a mayi Dailes ukawajambula kuti?" anafunsa a Fletcher.

Wilson anangopukuta kagalasi ka kamera yake ndi malaya.

Anthu ambiri anakajambulitsadi kwa iye, ndipo mkwiyo wawo unagwera a Fletcher, poti ndi iwo amene anagogoda pakhomo. Mayi Dailes okha nkhaniyi sinawapeze, kapena anthu ankaopa kuwauza. Akakumana nawo pamsika ankagwada pang'ono n'kufunsa ngati zafika, ati mwana wawo wamng'ono akufuna kuona ngati anatengadi mphumi ya bambo ake. A Fletcher ankati posachedwa. Miyezi inayi ankayankha choncho, mpaka analeka kudzera njira ya ku Lifuwu.

M'mawa uja, mlendo atatenga chithunzi chake n'kupita, a Fletcher anabwera pamene ine ndinkatembenuza usipa, mwana ali kumbuyo. Chithunzi cha malemu mayi anga chinalinso m'chitini chomwecho, ndipo kuyambira Khirisimasi moni wanga kwa iwo unali wa pakamwa chabe. Anavula chipewa, anakhala pamchenga ngati wodzapepesa mlandu.

"Amake Pauline," anatero, "inu mukudziwa mmene zimawawira. Loweruka mundiperekeze kwa mayi Dailes. Kunena ndikanena ndekha. Inu mukangokhala nawo pamphasa, kuti ine ndikachoka asakatsale okha ndi ana."