Mkulu wa msuku wokhota

M'munsi mwa Phiri la Dedza muli mkulu wina amene anakalambira pa ntchito yocheka matabwa a paini. Masiku ano amalima kachewere, ndipo m'munda mwawo mokha ndi momwe mwatsala mitengo yachilengedwe. Anzawo akamawaseka kuti akulima m'nkhalango, iwo amangoti, "Paini amaima pamzere chifukwa anachita kuuzidwa. Msuku umamera pomwe wafuna."

Chaka chatha mkamwini wawo anafika ndi nkhwangwa, maso ali pa msuku wokhota wa pakati pa munda.

"Bambo, mumtengo umenewu simungatuluke thabwa ngakhale limodzi. Bwanji tiwotchere njerwa?"

Mkuluyo sanatsutse, anangoti adikire Disembala. Masuku atapsa, anapita nawo komweko mkamwiniyo. Anapeza ana asukulu akutola, amayi ochokera kudimba akumanga ena m'zitenje, mbalame zili phokoso m'mwamba.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwetsa mitengo yowongoka, palibe analirapo," anatero mkuluyo. "Gwetsani uwu, muone maliro ake."

Nkhwangwa inabwerera ili paphewa. Mpaka lero, mkuluyo akamadutsa pamsukupo amayenda monyadira ngati anaubala okha.