Ming'oma ya m'mbali mwa msewu

Ming'oma inayi ya njuchi, yopangidwa ndi matabwa, inabwera pasukulu yathu ku Kalembo pa galimoto ya boma. Ine ndinali mphunzitsi wamkulu, choncho ndinaisainira. Mlangizi wa zaulimi anati akuluakulu a chipani adzabwera kudzaona chitukukochi mvula isanagwe.

Kwathu mng'oma amaupachika mumtengo wamthunzi. Ine ndinaika yanga pamtetete, m'mbali mwa msewu, kuti odutsa aziiona. Pamwamba ndinakhomerapo malata.

Njuchi zinalowa bwino. Koma mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo, ndinayamba kuzipeza pansi. Zinkakwawa zikunjenjemera, zina zitada ndi kuthothoka ubweya, zina mapiko atakwinyika. Ming'oma iwiri inangoti zii.

Masiku amenewo katundu wa boma akafera m'manja mwako, liwu limodzi linkakwanira: woukira. Mphunzitsi wina wa ku Nkaya anatengedwa pa nkhani yochepa kuposa iyi, ndipo sitinkafunsa za iye. Ndinkasesa njuchi zakufa ana asanafike, n'kuzikwirira.

Apongozi anga, amene anafula uchi kuyambira unyamata wawo, anapatuka pochokera kumzikiti. Anagwira lata n'kuchotsa dzanja msanga.

"Aphunzitsi, mukuweta kapena mukukazinga?"

"Ndi matenda, bambo."

"Matendawo amakhalamo kale. Njuchi ikafooka ndi kutentha m'pamene amaigwetsa. Sukulu yonse ija sanakuuzeni?"

M'mamawa tinasamutsira ming'oma yonse pansi pa mtengo wa mango. Tinazula malata, tinafolera udzu, tinaika madzi m'phale.

Alendo anafika patatha milungu itatu, pamodzi ndi mlangizi uja. Tcheyamani wa chipani anaima manja ali kumbuyo.

"Mwaibisiranji kuno? Chitukuko amabisa?"

 Kenako analoza mng'oma wakumapeto, umodzi mwa yakufa ija. "Tsegulani uwo."

Mlangizi anayang'ana pakhomo pa mng'omawo, pomwe sipankatuluka kanthu, kenako anayang'ana ine.

"Tiyambe ndi uwu, bwana, uli pafupi," anatero, n'kuvundukula wamoyo popanda utsi.

Njuchi zinatuluka zitalusa. Tcheyamani anathamangira kugalimoto akudzikupiza ndi chipewa, akufuula kuti waona, zonse zili bwino.

Mlangizi, diso litatupa, anandinong'oneza potsanzika: "Ulendo wina ndidzapeze iwiriyo muli njuchi."

Ndinaipaka phula n'kudikira. Njuchi zinalowa mu Epulo. Mpaka mwezi umenewo, galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, choko chinkaima m'dzanja langa.