Sitima Yanga ya Chitini ndi Ba Kaputeni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinayamba kusuzumira pampanda wa ba Zulu, mkulu amene tonse m'Kanyama tinkawatcha ba Kaputeni. Ukaputeniwo sanaulawepo. Anali msilikali wa pamadzi, wokonza mainjini a maboti kunyanja ya kumpoto, ndipo atapuma ntchito anadzakhala moyandikana nafe, kumene madzi ochuluka tinkawaona dzinja lokha, akasefukira mpaka m'makonde.

Mvula ikayamba anthu ankadandaula, koma ba Kaputeni ankavala magambutsi n'kumaimba mluzu. Chilimwe chonse ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akudula zitini za mafuta ophikira, kuzipinda ndi kuzimata, mpaka zitasanduka tisitima ta mizinga ya misomali ndi mbendera za nsanza. Pakhomopo pankanunkha penti ndi chitsulo chopsa. Akazi awo ankapukusa mutu. "Ba mudala aba, ndevu zoyera koma mutu ni wa kamwana!"

Anyamata okha ndiwo ankalowa kukaphunzira. Tsiku lina mlongo wanga Mabvuto anandiona pampanda paja. "Ivi si va bakazi, yenda ukasuke mambale!"

Ba Kaputeni anatukula mutu. "Manzi safunsa ngati ndiwe mwamuna. Iwe Tisa, ngena utenge chitini."

Sitima yanga ndinaipanga masabata angapo, zala zili mabala okhaokha. Ndinaipaka penti wofiira, ndipo kuti ipose za anyamata ndinaiikira chumuni chachitali ndi kanyumba kosanjikiza. Ba Kaputeni anaitembenuza uku ndi uku, anakanda chibwano, n'kungondibwezera.

Dzinja litafika, mpikisano wa tisitima tathu unachitikira pabwalo la mpira kuseri kwa msika, lomwe linali litasanduka dziwe. Ine ndi Mabvuto tinapangana kuti wotsalira adzatsuka mbale mpaka dzinja litatha. Nditangoiika pamadzi, sitima yanga inapendeka, n'kugadabuka ngati nkhuku yakufa. Anyamata anaseka mpaka wina anagwera m'matope. Ndinaivuula ndikulira n'kuthamangira kwa mkulu uja.

"Ba Kaputeni, nikonzeleniko!"

Iwo anabisa manja kumbuyo. "Nikakonza ine, izankala yanga. Iyangane bwino. Yalemela kuti?"

Ndinakwiya nawo kwambiri. Komabe ndinakhala pamwala, mamina ali chuchuchu, n'kuiyang'ana. Ndinaiika pachikhatho, ndipo inagwera kumbali ya chumuni. Pamenepo ndinaona vuto. Ndinazula chumuni chokongolacho, ndinatola timiyala n'kutikanikiza pansi pa sitimayo ndi dothi lomata. Anyamata ankati nthawi yatha, koma ba Kaputeni anati pamadzi munthu sasiya mnzake, ndipo onse anadikira.

Ulendo wachiwiri inagwedezeka pang'ono, kenako inaima chilili, kamphepo n'kuikankha. Sinapambane ayi, inafika mochedwa. Koma inadutsa ya Mabvuto, imene inali itakodwa m'pepala la pulasitiki. Amayi ogulitsa tomato analulutira, ndipo ba Kaputeni, madzi ali m'maondo, anaima njo n'kundimenyera sawasha ngati ndine mkulu wa asilikali. Mabvuto anatsuka mbale dzinja lonse akung'ung'udza.

Ba Kaputeni anatisiya chaka chatha, atakalamba bwino. Pamaliro tinaseka kuposa kulira, aliyense akusimba za sitima yake imene inamira.

Lero ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko ku Kalingalinga, ndipo ndili ndi atsikana amene ndikuwaphunzitsa ntchitoyi. Wina akamapinda chitsulo molakwika, manja anga amayabwa kuti ndimulande. Ndi pamenepo pamene ndinamvetsa mkulu uja. Anaona kalekale kuti sitima yanga idzagadabuka, ndipo kuikonza kukanamutengera kanthawi kochepa. Chovuta chinali kuima phee n'kumaonerera mwana akulira, mpaka atapeza yekha. Ndiye nanenso ndimaluma mlomo, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Iyangane bwino, waona chani?"