Kuthawa Dzuwa Kuchokera ku Chelstone Mpaka ku Woodlands

Tinapangana kunyamuka m'mamawa dzuwa lisanakwiye, koma tinatuluka pakhomo litakwera kale, chifukwa mkazi wanga Esinati anali asanamalize kundipaka mafuta. Ine ndine wachialubino, ndipo chaka chatha madokotala anandidula khansa ya pakhungu kukhutu lamanzere. Anandiuza kuti ikhoza kubweranso, choncho ndizipewa dzuwa, ndizidzola mafuta oteteza khungu, ndizivala zamanja aatali, ndipo ndizipita kukapimidwa. Kuyambira pamenepo Esinati anasanduka wapolisi wa dzuwa. Mwezi uliwonse amandiyang'ana thupi lonse ngati mbuzi yogula, ndipo sabata imeneyo anapeza kachigamba kokhakhala kumbuyo kwa khosi. N'chifukwa chake tinali pa ulendo wa ku kiliniki ya khungu ku Woodlands.

Vuto loyamba linali chipewa. Esinati anandigulira chotambalala ngati lichero, ndipo pakhomo la minibasi chinakana kulowa. Kondakitala anatilandira K15 aliyense, nati chipewacho nachonso chilipire mpando. Ndinalowa mopendekeza mutu. Mpando umene unatsala unali wa pawindo, mbali yomwe dzuwa limalowera, ndiye Esinati anayamba kusamutsa anthu. Bambo wina wa tayi anasuntha, mtsikana wa yunifomu anasuntha, mpaka ine ndinapezeka pakati, pafupi ndi mayi wina wonyamula ndowa ya vitumbuwa.

Pa msewu wa Great East magalimoto anali atathinana, ndipo tinaima nthawi yaitali. Esinati anaona kuti ndatuluka thukuta, anatulutsa botolo n'kuyamba kundipakanso m'makutu pamaso pa basi yonse. Mayi wa vitumbuwa anayang'ana botolo, anayang'ana ine, kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Ba sisi, ndiye mafuta yamene ba bambo bayela nayo so? Nipaseniko pang'ono."

Ndinawauza kuti kuyera kwanga n'kwaulere, ndinabadwa nako. Anachita manyazi, nandipatsa chitumbuwa chimodzi chopepesera. Esinati anawafotokozera ntchito ya mafutawo, ndipo kondakitala analowerera kunena kuti iye khungu lake lakuda dzuwa limaliopa. Esinati anamuyankha kuti khansa imagwira ndi akuda omwe, kungoti ife imatipeza msanga. Mnyamatayo analowetsa mkono umene unali panja pawindo.

Tinafika m'tauni chakumasana, kutentha kwa Okotobala kuli pachimake. Kuti tikapeze basi ya ku Woodlands tinayenera kuyenda pansi. Esinati anatambasula ambulera yakuda pamwamba pa chipewa changa. Mayi wina wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, ataona ambulera anayang'ana kumwamba n'kuyamba kufunditsa katundu wake pulasitiki, ngakhale kunalibe kamtambo ndi kamodzi komwe. Ife tinkayenda chokhulana ndi makoma a masitolo kutsata mthunzi, kuima pakona, kusuzumira, kenaka kuthamangira mthunzi wina. Mlonda wa sitolo ina anatitsatira kwa kanthawi ali ndi chibonga m'manja, mpaka anatsimikiza kuti ndife openga chabe, osati akuba.

Basi yachiwiri inadzera ku Kabwata. Msewuwo umakhotakhota, ndipo pokhota paliponse dzuwa linkasintha mbali. Esinati anandisinthitsa mpando kawiri, kachitatu dalaivala anati tikapitiriza atitsitsa. Mapeto ake Esinati anandifunditsa chitenje chake, ndipo ndinadutsa Kabwata yense ngati mkwatibwi wopita ku phwando la kitchen pate, osaona chilichonse koma maluwa a pansalu.

Ku kiliniki dokotala anali mayi wachete. Anayang'ana chipsera cha kukhutu, anafufuza m'mutu, m'milomo, m'manja, kenaka anayamba kupapasa m'khosi ndi m'khwapa kuti amve ngati muli zotupa. Ine ndimachita nyerenyete, choncho ndinkaseka ngati mwana pamene aliyense m'chipindamo anali wosaseka. Atafika pa kachigamba kaja anakhala nthawi ndi galasi lake, ndipo kuseka kwanga kunatha kokha.

"Si khansa iyi," anatero. "Koma mukanakasiya, kakanatha kusanduka. Wakaona ndani kuseri kuno?"

Ndinaloza Esinati. Dokotala anakapopera mankhwala ozizira kwambiri omwe anandiluma ngati mavu, nati katukusira kenaka kagwa kokha, ndipo ndibwerenso pakatha miyezi itatu.

Kunja tinakhala pansi pa mtengo kudikira kuti dzuwa lipendeke tisanabwerere. Ndinagula chimanga chootcha chiwiri. Nditampatsa Esinati chake ndinaona kuti misozi ikutsika osapukuta. Anandiuza kuti chipezereni kachigambako sanagone bwino, koma sanafune kuti ndidziwe. Tsiku lonse ndinkaganiza kuti mkazi wanga amangokonda kulamula anthu m'mabasi. Ndinali ndisanazindikire kuti pa ulendowu wamantha kwambiri anali iyeyo. Ndinamugwira dzanja mpaka misozi inaleka. Kenaka anapukuta m'maso, anayang'ana pansi, nandiuza kuti ndisunthe chifukwa phazi langa latuluka mumthunzi.