Mawu Pakhosi pa Amakanika

Ana onse amene anadutsa m'manja mwawo m'kalasi yoyamba ankawatcha Mayi Babebi, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka atapuma ntchito. Anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Ankauza mwana kuti aike zala pakhosi pake, anene "sss", kenako "zzz". Pa "sss" pakhosi pamangoti zii, koma pa "zzz" pamanjenjemera ngati mwalowa njuchi. "Mwamva? Mawu amakhala pamenepo," ankatero. Akatero ankadula liwu m'maphatikizo, kalasi yonse ikuwomba m'manja pa phatikizo lililonse.

Amuna awo, amakanika, sankasowa phunziro lotere. Anali munthu wolongolola, wotsutsa ngakhale utanena kuti kunja kwacha. Mayi Babebi ankadandaula kuti pakamwa pa bambowa anaiwala kuikapo mabuleki.

Kenako bambo aja anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, mawu nawo n'kuthawa. M'nyumba munagwa bata, ndipo mayi amene ankalilakalaka aja anayamba kuliopa. Adokotala anati mawu angathe kubwerera, koma pokhapokha mwini wake atamayesa.

Mayi Babebi anavala zilimbe. Anapachika tchati cha maphatikizo pakhoma moyang'anizana ndi bedi, n'kumagwiritsa amuna awo zala pakhosi monga ankachitira ndi ana. Tsiku lina bambowo anatulutsa "ba" wosasa.

"Mwakhoza!" anafuula mayiwo, n'kutembenukira kwa mwana wawo wamkazi amene anaima pakhomo. "Iwe, tawawombera m'manja bambo ako!"

Apo ndiye zinalakwika. Munthu waimvi, amene anzake kugalaja ankamuvulira chipewa, lero kumuwombera m'manja ngati kamwana kamamina! Bambowo anatembenukira kukhoma, osayesanso. Nthawi inapita ndithu. Mayiwo anatsitsa tchati chija mtima ukuwawa, podziwa kuti uphunzitsi wawo womwewo ndi umene watseka amuna awo pakamwa. Ankaopa kuti mawu a bambowo sadzawamvanso.

M'mawa wina galimoto ya aneba inakana kulira. Inkangokhosomola kuseri kwa windo, kukhosomola, n'kuzima. Mayi Babebi, akupinda zovala pampando, anaona amuna awo atatchera khutu, nkhope atakwinya.

"Batire latha limenelo," anatero mayiwo, chikhalirecho za galimoto sankadziwa n'kamodzi komwe.

Pabedi panamveka kubuula. Khosi la bambowo linagwedezeka, mitsempha itaima.

"A... yi."

Maphatikizo awiri athunthu, ochokera pansi penipeni pa khosi. Manja a mayiwo anayamba kunyamuka okha, koma anawakanikiza pa zovala zija. Misozi inalengeza m'maso. Anayang'ana kumbali kuti bambowo asaione.

"Ayi chiyani, bambo? Ndi batire basi. Inu za magalimoto munaiwala kalekale."

Anapitiriza kupinda malaya amene anali atawapinda kale, ndipo kumbuyo kwawo anamva amuna awo akukoka mpweya wautali.