Mapiko a Tebulo la Ababa

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta opakira mipando, ndimabwerera m'nyumba yathu ya ku Ingezi, ku Kadoma, dzinja lomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tebulo lathu linali lachilendo. Ababa analigula ku Chegutu, pa okushoni ya katundu wa mzungu wina wa pafamu ku Selous, ndipo kunsi kwake kunali chidindo chakuti linapangidwa ku Denmark. Miyendo yake inali yowonda, pamwamba pofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ukakoka uku ndi uku, m'mimba mwake munkatuluka matabwa awiri, ife tinkati mapiko, basi anthu khumi n'kukhala momasuka. Kulipukuta Loweruka inali ntchito yanga, ndipo mwana woikapo kapu yonyowa ankandidziwa.

Chaka chimenecho chifuwa cha ababa chinakula. Fumbi la mumgodi linali litawadya mapapo, ndipo kuntchito anasiya. Mvula inkagwa osapumira, zovala zosauma zili lende pazitseko, nyumba yonse kununkha chinyezi ndi mankhwala. Pakudya ankangotsina sadza, nsima ya kumeneko, kawiri, kenako n'kumasisita tebulo ndi chikhatho. Ine zinkandiopsa, koma chifukwa chake sindinkachidziwa.

Tsiku lina masana kunabwera a Milanzi, kalipentala, mnzawo wa ababa. Mapiko anakokedwa onse, chonsecho sinali Khirisimasi. A Milanzi anayeza tebulo ndi tepi, kenako anayeza ababa ataimirira chotsamira khoma, ine nditagwira nsonga ya tepi kumapazi kwawo. Amayi anatuluka panja, mvula ili mkati. Poti ndinkayankha m'Chishona nthawi zonse, ababa ankaganiza kuti Chichewa chakuya sindimva, ndiye anayankhula momasuka. Anati ife ana a anthu obwera tilibe kumudzi kokagona tikafa, manda athu ndi a kumgodi, choncho iwo akufuna kupita m'bokosi la thabwa lenileni, lochokera m'nyumba mwawo. Sindinalire ayi, ndinapsa mtima, ndipo a Milanzi ndinawada kuyambira tsiku limenelo.

M'mawa mwake anabwera ndi sowo. Anayamba ndi phiko limodzi kuti aone m'kati mwa thabwalo. Anangocheka pang'ono, n'kuima. Kukongola konse kuja linali khungu chabe, lopyapyala ngati chikhadabo, ndipo m'kati munali utuchi woumbidwa ndi guluu.

"Achimwene, ili silingagwire msomali, ndipo likanyowa lifufuma," anatero a Milanzi.

Ababa anayang'ana pochekedwapo nthawi yaitali. "Zaka zonsezi, utuchi?" Anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka chifuwa, mpaka amayi anawagwira mkono n'kuwalowetsa kuchipinda.

Ine ndiye ndinasangalala, sindingabise. Ndinatenga tsache n'kusesa utuchi uja ndikuimba mokweza. M'mutu mwanga nkhani inali yachidule: bokosi palibe, ndiye kuti ababa sapita. Anamwalira mvula isanathe, ndipo anzawo a kumgodi anabweretsa bokosi wamba la paini. Lero ndine mayi wamkulu, ndipo ndimadziwa kuti munthu amene ntchito inamulanda mphamvu ndi mpweya anatsala ndi chinthu chimodzi chokha choti adzisankhire yekha. Chinakanika iye akuona, ndipo ali kuchipinda ankamva mwana wake akuimba.