Tsiku limene ndinabereka mwala wa khonsolo

Ndinanyamuka ku Chinsapo Lachiwiri m'mawa, mame asanaume, nditabereka mwala kumsana. Munali m'chaka chachiwiri cha matipate, anthu atangophunzira kumene kutsegula pakamwa. Ine Nachisale pakamwa ndinali napo kale.

Sabata yapitayo kunali kutabwera amuna a zingwe zoyezera, n'kukwirira miyala ya simenti m'mbali mwa dambo lathu. Ankati khonsolo ikudula mapuloti. Mwala umodzi anauika kuseri kwa chitsime chomwe mzere wathu wonse tinkatungapo, kutanthauza kuti chitsimecho chagwera m'puloti ya munthu. Nanga madzi ogula pampopi tikanawatha ife? Kwathu ku Ntcheu mbuzi ikakudyera chimanga supita kubwalo chimanjamanja, umaigwira n'kupita nayo. Ndiye ndinatenga khasu, ndinauzula mwalawo, n'kuukulunga m'nsanza. Bambo a kunyumba anangoti, "Mukamangidwa ine sindikudziwani."

Pasiteji minibasi inali itadzaza kale. Kondakitala atandiona anati, "Sunthani uko, pali mayi a mwana." Bambo wina wa tayi anandisiyira mpando wapakhomo. Ndinakhala chopendekera, ndinalipira makwacha anga atatu, osawongola nkhani. Tikugundidwa ndi maenje a msewu wa Likuni, mayi woyandikana nane anasuzumira kumsana kwanga.

"Koma mwanayu ngofatsa. Salira?"

"Anatengera bambo ake," ndinatero.

Kudepoti m'tauni ndinagula chinangwa chootcha ndi nthochi ziwiri, ndinadya chiimirire chifukwa kukhala pansi n'kudzukanso kunali ntchito. Basi yachiwiri inanditula ku City Centre dzuwa litakwera. Kumeneko nyumba zinatalikirana ngati zinayambana, ndipo wofunsa njira umachita kumusaka. Ndinayenda thukuta lili kamukamu mpaka mayi wina wosesa anandilozera khomo la khonsolo.

Anandikhazika pabenchi mpaka nkhomaliro itadutsa. Kenako anandilowetsa kwa bambo Kamwendo, oyang'anira zoyeza malo, munthu wa imvi, wolankhula motsitsa. Ndinamasula chitenje, n'kuika mwala patebulo pawo. Tebulo linalira.

Anauyang'ana, anandiyang'ana. "Mayi, iyi ndi bikoni. Mukudziwa kuti kuzula bikoni ndi mlandu?"

Kunena zoona ndinaopa. Koma ndinali nditafika kale.

"Wangawo tikamba, bambo. Tiyambe wa chitsime."

"Chitsime chiti?"

Ndinafotokoza zonse. Iwo anati mapu awo anachokera pa zithunzi zojambula ndi ndege, ndipo pamalopo pamangooneka mtengo waukulu. Ndinati eya, ndi mkuyu, chitsime chili pansi pake. Anandiuzanso kuti Lachisanu komiti ikhala pansi kuvomereza mapulotiwo, ndipo mpaka tsikulo panalibe wabwera kudzadandaula.

"Ndabwera ine," ndinatero.

Anapumira m'mwamba. "Mwalawu ukuyenera kubwerera pamalo pake lero lomwe. Mukandilozere pomwe munauzula."

Basi pobwerera ndinakwera galimoto ya ofesi, kutsogolo, msana uli pamtendere. Mwala unali kumbuyo ukugubuduka. Dalaivala ankangoseka njira yonse, mpaka pamlatho anati, "Amayi, tsiku lina mudzatizulira ofesi yomwe." Ndinamuuza kuti ikadzakhala pachitsime ndidzayesa. Titasiya tala, ana anayamba kuthamangira galimoto, ndipo anthu m'makonde ankaganiza kuti ndamangidwa ndithu.

Tinafika dzuwa litapendeka, nthawi yotunga madzi a madzulo. Pansi pa mkuyu panali ndowa, zigubu, mabeseni, mzere mpaka kunjira. Amayi anasiya kucheza ataona mlendo. Bambo Kamwendo anadutsa pakati pa ndowazo. Anasuzumira m'chitsime, anafunsa kuti chinakumbidwa liti, ngati chimaphwa m'chilimwe, ndiponso mpopi wapafupi uli kuti. Onse ankayankha nthawi imodzi. Ndinawalozera dzenje lomwe ndinazula mwala, dalaivala n'kubwera nawo atautsamiritsa pamimba.

"Ndiuike, bwana?"

Bambo aja anayang'ana dzenje, anayang'ananso mzere wa ndowa.

"Bwezera m'galimoto," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Lachisanu mubwere ndi anzanuwa, mukalankhule nokha pamaso pa komiti. Ine ndikanena zomwe ndaona. Koma musazulenso china."

Lachisanulo tinadzaza minibasi yonse, komiti inatimvera, ndipo mzere wa mapuloti unakhota n'kulambalala mkuyu. Ndinaphunzira kuti anthu a m'maofesi si onse ouma mtima, ena amangokhala kuti sanafikeko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Msana unandiwawa mwezi wathunthu, koma madzi otenthetsa owuthowera ndinkatunga pachitsime chomwecho, ulere.